Wotchi Yotsika Mtengo Nayonso Ili ndi Mbiri Yake

Ndemanga ya buku la Hands of Time, lolembedwa ndi Rebecca Struthers, losindikizidwa ndi Hodder & Stoughton mu 2023

Wotchi imene ili pamkono panga pamene ndikulemba ndemanga ino ilibe batire. Chimene chimaiyendetsa ndi dzanja langa lomweli. Ndikamayenda, ndikamalemba, ndikamapereka moni, kachitsulo kolemera kamene kali m'kati mwake kamazungulira n'kumakunga sipuling'i, ndipo sipuling'iyo ndi imene imakankha mivi. Ndikaivula Lachisanu madzulo n'kuisiya patebulo, pofika Lamlungu masana imakhala itagona. Kuti idzuke ndimaitenga n'kuizunguza pang'ono monga timachitira ndi tiyi wotsalira m'kapu, basi muvi wa masekondi wayambanso ulendo. Dzina lake ndi Seiko SKX007. Inapangidwira anthu osambira pansi pa madzi, ndipo ndinaigula kwa munthu amene anali ataivala kale zaka zingapo. M'kabokosi ka kumutu kwa bedi muli ena awiri a mtundu womwewu, Vostok Amphibia ya ku Russia ndi Orient Mako ya ku Japan. Pa atatuwa palibe imene mtengo wake ungapose wa foni yabwino ya m'manja.

Anzanga akhala akundifunsa kuti ndimavutikiranji, poti foni imanena nthawi yolondola kuposa wotchi iliyonse ya sipuling'i. Funsolo n'lomveka, ndipo kwa zaka zambiri ndinkangoyankha kuti ndimawakonda basi. Buku la Mayi Rebecca Struthers landipatsa yankho limene ndinkalisowa, ngakhale kuti si buku la mawotchi a m'madzi ayi. Ndi mbiri ya mmene anthu akhala akuwerengera nthawi, yosimbidwa ndi munthu amene zala zake zimakhala m'mimba mwa mawotchi tsiku ndi tsiku. Chimene ndatolamo ine ndi ichi: nthawi inafika pamkono wa munthu wamba kudzera mu wotchi yotsika mtengo, ndipo wotchi yoyenera kuisunga ndi imene munthu wina angathe kuitsegula n'kuikonza.

Mayi Struthers ndi mmisiri wa ku England. Anakulira ku Birmingham, ndipo ali ndi zaka 17 anayamba kuphunzira kusula siliva ndi zodzikongoletsera m'dera la mzindawo lotchedwa Jewellery Quarter, asanatembenukire ku mawotchi. Mu 2017 anakhala mmisiri wa mawotchi woyamba m'mbiri ya Britain kulandira digiri ya PhD pa maphunziro a zoyezera nthawi. Amagwira ntchito limodzi ndi amuna awo a Craig, omwenso ndi mmisiri, ndipo ndi a Craig omwewo amene anajambula pamanja zithunzi za m'bukuli. Awiriwa anapanga wotchi yawoyawo n'kuitcha Project 248, kutanthauza mitu iwiri, manja anayi, ndi makina akale osemera zitsulo a mamilimita 8. Zimenezi zimamveka m'kalembedwe kawo. Olemba mbiri ambiri amaiona wotchi ili kuseri kwa galasi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mayi Struthers amaiona ili chigadamire pabenchi, chivundikiro atachotsa, ndipo amatha kukuuzani ngati amene anaipanga anali wodekha kapena anali pa liwiro.

Bukuli lili ndi mitu 11, ndipo likuyambira kufupi ndi kwathu kuno. M'phanga lotchedwa Border Cave, m'mapiri a Lebombo kumalire a South Africa ndi Eswatini, munapezeka fupa la mwendo wa nyani lokhala ndi timizere 29 totemedwa ndi munthu zaka pafupifupi 44,000 zapitazo. Akatswiri ena amaganiza kuti wotemayo ankawerenga masiku a mwezi. Nditawerenga pamenepa ndinayamba ndaika buku pansi, chifukwa ndinakumbukira kuti m'chinenero chathu mwezi wa kumwamba ndi mwezi wa pakalendala ndi liwu limodzi. Makolo athu anali ndi tambala woyamba, m'bandakucha, dzuwa lili paliwombo, chisisira. Mawu akuti koloko anabwera pambuyo, pamodzi ndi belu la kumishoni ndi la kuesiteti. Ndinakondwa kuona kuti mlembi wa ku Ulaya wayamba nkhani ya nthawi ndi munthu wa kuno amene anayang'ana kumwamba n'kutenga mwala wakuthwa.

Kuchokera apo nkhani imathamanga ndithu. Tikumva za mawotchi a madzi ndi za al-Jazari, katswiri wa makina wa cha m'ma 1200. Tikufika ku Nuremberg kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, kumene dzina la Peter Henlein limatchulidwa pa mawotchi oyamba onyamulika. Tikuona amisiri a Chipulotesitanti akuthawa chizunzo ku France, makamaka kuyambira 1685, n'kukafesa luso lawo ku London ndi ku Geneva. Tikukumana ndi John Harrison, kalipentala amene anamaliza wotchi yake ya H4 mu 1759 pofuna kuthandiza amalinyero kudziwa pamene ali panyanja, komanso Abraham-Louis Breguet, amene wotchi yake yotchuka ndi dzina la Marie Antoinette inaitanitsidwa mu 1783 koma inatha mu 1827, mfumukaziyo ndi mmisiriyo onse atamwalira. Nkhanizi zalembedwa mokoma, koma zambiri zimapezekanso m'mabuku ena. Ndi nkhani za mafumu, za akazembe a zombo ndi za anthu a chuma.

Pamene bukuli lakhwimira ndi pamutu wachisanu, chifukwa pamenepo Mayi Struthers akusimba kafukufuku wawo weniweni. Akugwira ntchito panyumba ina ya okushoni, anakumana ndi wotchi ya m'thumba ya m'zaka za m'ma 1700 yolembedwa dzina la John Wilter wa ku London. Maso a mmisiri anakana: kapangidwe kake sikanali ka ku London. Atafufuza, dzinalo silinapezeke pakati pa amisiri odziwika a mzindawo. Anatsata mawotchi ena otere, ambiri mwa iwo ali ku British Museum, ndipo anapeza kuti ngakhale anthu akhala akuwatcha achinyengo a ku Holland, ankapangidwa makamaka kumadera a kumalire a Switzerland ndi France. Amalonda a ku Holland ndiwo ankawaitanitsa n'kumawagulitsa m'maiko osiyanasiyana. Dzina la London ankalilembapo chifukwa masiku amenewo wotchi ya ku London ndiyo inali ndi mbiri.

Akatswiri akale ankawanyoza mawotchi amenewa, ndipo ankanena zoona kuti siliva wake anali wosakaniza ndipo ntchito yake inali yothamangira. Mayi Struthers sakutsutsa zimenezo. Chimene akuonetsa n'chakuti opangawo anatulukira njira yatsopano yogwirira ntchito: wina kupanga mawilo okhaokha, wina masipuling'i, wina zikuto, kenako zonse kukakumana pamalo amodzi n'kulumikizidwa. Mwa njira imeneyi mawotchi ankatuluka ochuluka ndiponso otsika mtengo, kotero kuti anthu amene sakanalota n'komwe wotchi ya ku London anayamba kukhala ndi yawo. Amisiri a ku England anaumirira njira yawo yakale, ndipo m'kupita kwa zaka malonda anasamukira ku Switzerland. Dziko limene lero timalitchula tikafuna kunena wotchi yapamwamba linakula ndi mawotchi amene ena ankawaseka.

Kuyambira pamenepa ndinayamba kuiona wotchi ya pamkono panga ndi maso ena. Mzere wake suchokera kwa Breguet. Umachokera kwa John Wilter, n'kudzera mwa Georges-Frédéric Roskopf wa ku La Chaux-de-Fonds, amene mu 1867 anatulutsa wotchi ya anthu ogwira ntchito yokhala ndi tizipangizo 57 tokha, yogulidwa ndi ndalama za franc 20. Umadzeranso mu wotchi ya Ingersoll yotchedwa Yankee, imene mu 1896 inkagulitsidwa dola imodzi ku America. Ndipo bukuli silibisa kuti nthawi yotsika mtengoyi inali mpeni wakuthwa konsekonse. Mafakitale atabwera, munthu anasiya kugwira ntchito motsata dzuwa n'kuyamba kutsata belu, ndipo mwini belu ndiye anali mwini nthawi. Wantchito wokhala ndi wotchi yake m'thumba ankatha kudziwa ngati akumubera mphindi. Agogo anga aamuna atabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni, m'sutikesi mwawo munali mabulangete, jekete ndi wotchi. Ndili mwana ndinkayesa kuti wotchiyo inali yodzionetsera pamudzi. Tsopano ndikuganiza kuti munthu amene anakhala zaka akudzutsidwa ndi kulowetsedwa pansi ndi nthawi ya eni mgodi anali ndi chifukwa chachikulu chofunira nthawi yakeyake.

Mutu wachisanu ndi chitatu ndiwo ukuyandikira kwambiri mawotchi a m'madzi. Poyamba wotchi ya pamkono inkaonedwa ngati chibangili cha amayi, ndipo abambo ankanyamula ya m'thumba. Nkhondo ndiyo inasintha zinthu. Asilikali a pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ku South Africa, ya 1899 mpaka 1902, ankamangirira mawotchi pamkono ndi zikopa, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mchitidwewu unafala. Wotchi itatuluka m'thumba inakumana ndi adani ake awiri, fumbi ndi madzi. Mu 1926 kampani ya Rolex, ya Hans Wilsdorf, inatulutsa chikuto cha Oyster, chimene chivundikiro chake ndi kamutu kotcherera nthawi zimamangidwa mopotokola ngati chitsekerero cha botolo. Mu Okutobala 1927 Mercedes Gleitze, mtsikana wotaipa makalata ku London amene anali atangosambira kuwoloka nyanja ya pakati pa France ndi England, anabwereranso m'madzi wotchi yotere ili m'khosi. Kuzizira kunamulepheretsa kumaliza ulendo wachiwiriwu, koma atakhala m'madzi maola oposa 10, wotchiyo inali ikuyendabe. Kamutu kopotokola kamene ndimamanga ndisanalowe m'nyanja kanachokera kumeneko.

Palinso ndime imene yandisintha kaonedwe ka chinthu chimene ndinkachikonda mosaganizira. Magetsi akazima usiku, mivi ndi timadontho ta wotchi yanga timawala mobiriwira, ndipo ana kunyumba amalimbirana kuti aione. Kuwala kumeneku kuli ndi mbiri yowawa. Kuyambira cha m'ma 1917, atsikana a m'mafakitale a ku America, monga ya ku Orange m'chigawo cha New Jersey, ankapaka manambala a mawotchi penti wosakaniza ndi radium. Anawaphunzitsa kusongola burashi ndi milomo kuti mzere utuluke wowongoka. Patapita zaka mano anayamba kugweruka, nsagwada kuwola, ndipo ambiri anamwalira akadali aang'ono. Grace Fryer ndi anzake anayi anakasuma, ndipo mlandu wawo unatha mu 1928. Mayi Struthers akuisimba nkhaniyi mwaulemu, ngati munthu amene mawotchi a nthawi imeneyo amafikabe pabenchi pake. Penti wa masiku ano alibe radium. Amangomwa kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyale n'kumakubweza pang'onopang'ono mumdima. Komabe sindingathenso kuona kuwala kuja osakumbukira atsikana aja.

Tsono ndifike pamene bukuli landisiya ndi njala. Wokonda mawotchi a m'madzi adzafika pakhomo penipeni pa nkhani yake, koma mlembi sakhalitsapo. Nkhaniyo ndi iyi. Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan atapanga chida chopumira pansi pa madzi mu 1943, anthu anayamba kutsika ndi thanki ya mpweya kumsana, ndipo moyo wawo unadalira kudziwa mphindi zimene akhala pansi. Mu 1953 kunabadwa Fifty Fathoms ya Blancpain ndi Submariner ya Rolex, ndipo maonekedwe ake ndi amene mawotchi onse a m'madzi akutsatabe: nkhope yakuda, mivi yonenepa yowala, ndi mkombero wozungulira wokhala ndi manambala mpaka 60. Wosambira akamatsika amatembenuza mkomberowo kuti chizindikiro chake chiyang'anizane ndi muvi wa mphindi, ndipo akayang'ananso amaona mphindi zimene zapita. Pa mawotchi otsata muyezo wa ISO 6425, mkombero wotere umapita mbali imodzi yokha. Ukagundidwa mwangozi ndi mwala, umaonetsa kuti munthu wakhala pansi nthawi yaitali kuposa yeniyeni, choncho amakwera msanga m'malo mochedwa. Muyezo womwewo umafuna kuti wotchi ipirire kuya kwa mamita osachepera 100, iyesedwe ndi mphamvu ya madzi yoposa yolembedwayo ndi 25 pa 100, ndipo iwerengeke mumdima pa mtunda wa masentimita 25. Aliyense amene anatsikapo ndi thanki ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear kukaona mbuna akudziwa kuti masiku ano kakompyuta ka pamkono ndiko kamagwira ntchitoyi. Koma mkombero uja sunathe ntchito. Ine ndimawerengera nawo mphindi za mpunga pamoto ndi za mayeso a ana anga a kusukulu.

Njala yanga yachiwiri ndi yaikulu kuposa yoyambayi. Bukuli maso ake ali ku Ulaya, makamaka ku England ndi ku Switzerland, ndipo Japan akumveka kwambiri pa nkhani ya mawotchi a batire. N'zoona kuti pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko inatulutsa Astron, wotchi yoyamba ya pamkono ya quartz kugulitsidwa, ndipo mawotchi a mtunduwu atatsika mtengo anagwetsa mafakitale ambiri. Ogwira ntchito za mawotchi ku Switzerland anali pafupifupi 90,000 mu 1970, koma anatsika kufika cha m'ma 30,000 m'zaka za m'ma 1980. Mlembi akuifotokoza bwino mbali imeneyi, ndipo chisoni chawo pa luso limene linatayika ndi chenicheni. Komatu Japan yemweyo ndiye anasunga wotchi ya sipuling'i pamkono wa munthu wosauka pamene ya ku Switzerland inasanduka chuma cha olemera. Mu 1959 Seiko inatulukira kachipangizo kotchedwa Magic Lever, kokhala ndi timikono tiwiri, kena kokoka kena kokankha, kotero kuti kachitsulo kolemera kaja kakazungulira mbali iliyonse sipuling'i imakungika. Mu 1963 kunabwera Seiko 5, imene aphunzitsi, makalaliki ndi madalaivala a kuno anaivala zaka zambirimbiri. Mu 1965 kunabwera wotchi yawo yoyamba ya m'madzi, ya mamita 150, ndipo mu 1996 kunabwera SKX007 yangayi, ya mamita 200, yokhala ndi injini ya 7S26 imene kawilo kake kamagunda kasanu n'kamodzi pa sekondi iliyonse.

Nayonso Vostok Amphibia inayenera kupatsidwa tsamba. Inapangidwa mu 1967 ku Chistopol, m'dziko limene linali Soviet Union, ndi akatswiri awiri, Mikhail Novikov ndi Vera Belova, amene analibe makina apamwamba a ku Switzerland. M'malo molimbana ndi madzi anawasandutsa mthandizi. Galasi lake ndi la pulasitiki yochindikala imene imafutukuka pang'ono ikapanikizika, ndipo chivundikiro cha kumbuyo chimakhala pa mphira yaikulu, chogwiridwa ndi mkombero wapadera. Wotchi ikamatsika, madzi amakanikiza zonsezi, ndipo m'pamene imatsekeka kwambiri. Nzeru yotere, yobadwa chifukwa cha kusowa, ndi yomwe ija Mayi Struthers akuiyamikira mwa opanga mawotchi a John Wilter. Mfundo yawo ikanalimba koposa akanaitsata mpaka ku Tokyo ndi ku Chistopol.

Palinso pamene ndikufuna kuchenjeza owerenga a kwathu, chifukwa mutu wachisanu uja munthu angaumve molakwika n'kuganiza kuti wotchi ya feki ilibe vuto. Ndisanadziwe zambiri ndinagulapo imodzi mumsika. Inali yolemera, yonyezimira, yolembedwa dzina lalikulu la ku Switzerland ndi mamita 300 pankhope pake. Ndinalowa nayo m'nyanja ku Senga Bay, madzi olekeza m'chiuno. Potuluka, galasi linali litachita nkhungu m'kati. Patatha sabata mivi inaima, ndipo m'mphepete munayamba kuoneka dzimbiri. Ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mawotchi pakhonde la sitolo, kabokosi kake ka galasi kali pamiyendo. Anaika kagalasi kokulitsa padiso, anatsegula kumbuyo, n'kundipatsa kuti ndione ndekha. M'chikuto chachikulu chija munali mkombero wa pulasitiki woyera, ndipo pakati pake panali kainjini ka batire kochepa ngati ndalama yachitsulo. Mphira yotsekera madzi munalibe. Anati: "Achimwene, apa palibe chokonza. Munagula chikuto." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawotchi a John Wilter ananama dzina, koma ankayenda, ankakonzeka, ndipo ena alipobe patatha zaka zoposa 200. Ya mumsika ija inanama pa chinthu chimene chikanatha kupha munthu amene akanaidalira ali pansi pa madzi. Wotchi yotsika mtengo yolemba dzina lake lenileni ndi mamita ake enieni ndiyo mdzukulu woona wa Roskopf.

Kwa bambo omwewo n'kumene ndinapita ndi Seiko yanga itayamba kuthamanga mopitirira. Kaonedwe kawo kanasintha atangoitembenuza. Anayala kansalu koyera, anamasula chivundikiro ndi kachitsulo ka mano atatu, ndipo tonse tinaona kawilo kakupita uku ndi uku, kasipuling'i kake kopyapyala ngati tsitsi kakufutukuka n'kubwerera. Anakhudza kamkono kosinthira liwiro pang'ono zedi, moti ine sindinaone kuti kasuntha. Anachotsa mphira yakale imene inali itauma, anaikapo yatsopano ataipaka mafuta, n'kutseka. Anandiuza kuti ndibwere pakatha masiku atatu tidzaone mmene ikuyendera, ndipo anandichenjeza kuti ndisalowe nayo pakuya mpaka itayesedwa ndi makina oyezera mphamvu ya madzi, amene iwo alibe. Pondipatsa anati: "Iyi mukaisamala, mwana wanu adzaivala." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi ndi ya anthu odekha. Lero imapitirira ndi masekondi pafupifupi 15 patsiku, ndipo Lolemba lililonse ndimaitchera.

Nditafika kumapeto kwa bukuli, kumene Mayi Struthers aikako kalozera wachidule wa mmene iwo amakonzera wotchi, ndinaona ngati ndikuwerenga za bambo a pakhonde aja. Kumasula mwadongosolo, kutsuka kachipangizo kalikonse, kuyang'ana pamene padyeka, kuthira mafuta ochepa kwambiri pamalo oyenera okha. Wina ali ndi PhD ndipo mawotchi amene amagwira ndi a m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, wina ali ndi kabokosi pakhonde, koma ntchito ndi imodzi. Ku Britain bungwe la Heritage Crafts linaika kupanga mawotchi pa mndandanda wa maluso amene ali pafupi kutha. Kwathu kuno palibe akuwerenga, koma aliyense woyenda m'tauni akuona kuti timabokosi tija tachepa, ndipo ambiri mwa otsalawo ntchito yawo yasanduka kusintha mabatire ndi malamba. Swatch, imene mu 1983 inathandiza kudzutsa malonda a ku Switzerland ndi tizipangizo 51 tokha, inapangidwa yomata, yosati n'kutsegulidwa. Zinthu zambiri za masiku ano zatsata njira imeneyo, ndipo chikafa timataya. Wotchi ya sipuling'i imakana mchitidwe umenewu. Imafuna munthu woivala kuti iyende, ndi munthu wina woidziwa kuti ikhalitse.

Kwa amene akufuna kuyamba kusonkhanitsa mawotchi otere, bukuli silikuuzani kuti gulani iyi kapena iyo, koma likuphunzitsani kufunsa mafunso oyenera. M'kati muli injini yanji, ndipo zipangizo zake zimapezeka? Makampani ang'onoang'ono ambiri lero amaika injini ya NH35, ya m'banja la Seiko, ndipo ubwino wake ndi womwewo, kuti mmisiri aliyense amaidziwa. Kamutu kotcherera n'kopotokola? Mphira inasinthidwa liti? Mamita 200 ndi okwanira ndi kutsala, pakuti ngakhale nyanja yathu imazama pafupifupi mamita 700 kumpoto, osambira mongosangalala sapitirira mamita 40. Ndipo pali msampha umene ndaona anzanga akugweramo pa intaneti: lero yabuluu, mawa yobiriwira, mkuja ya lamba wachitsulo, mpaka kabati kudzaza ndi mawotchi ogona. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wotchi yodzikunga yokha imakhala ndi moyo ikakhala pamkono, ndipo munthu ali ndi mikono iwiri yokha. Kuwerenga za amisiri amene ankatha zaka pa wotchi imodzi kwandithandiza kukhazikika pa atatu angawa n'kuwadziwa bwino.

Chingerezi cha m'bukuli n'chosavuta kwa amene anafika sekondale, ndipo mawu a luso afotokozedwa kumapeto. Pena mlembi amadumpha kuchoka pa mbiri kupita pa moyo wawo n'kubwereranso, ndipo wowerenga wofuna mzere umodzi wowongoka adzatopa nazo pang'ono. Ine ndinazikonda, makamaka mutu womaliza, pamene akufotokoza za kupanikizika ndi ntchito ndi za kudwala kwawo, ndi mmene zinawaphunzitsira kuti nthawi ya munthu ili ndi polekezera. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akukonza zoyezera nthawi akamanena zimenezi, umamvetsera. Ndikufuna bukuli lifike kwa aphunzitsi a mbiri ndi a sayansi, kwa ophunzira m'sukulu za ntchito zamanja, ndi kwa aliyense amene ali ndi wotchi ya bambo ake yogona m'sutikesi.

Ya agogo anga ndinaipeza kwa azakhali, itakulungidwa m'kansalu, galasi litachita mbuu. Ndinapita nayo pakhonde paja mwezi wathawu. Bambo aja anaitsegula, anauzira fumbi ndi kampira kopopera mpweya, ndipo anandionetsa m'kati mwa chivundikiro timalemba tiwiri tokandidwa ndi singano, chizindikiro cha amisiri ena amene anaikonzapo ine ndisanabadwe. Anati sipuling'i yaikulu ndi yoduka, ndipo afunsa kwa anzawo ngati ilipo yofanana nayo. Ndawasiyira, ndipo ndawauza kuti asafulumire.